Wi-Fi ikakana vaucha yanu, musathamangire kugula ina

Lolemba lapitali, ndisanakwere basi ya ku Matero, ndinalowa m'kashopu kena m'tauni komwe amagulitsa mavaucha a Wi-Fi. Pambali panga panali mtsikana atanyamula envulopu ya mapepala a sukulu. Anali kufuna kutumiza kalata yofunsira nchito 17 hours isanakwane. Anagula vaucha ya ola limodzi, n'kulemba manambala pa foni. Foni inazungulira, inazungulira, kenako: "Login failed". Analembanso, cimodzimodzi.

"Sisi, mwalemba wrong. Gulani cabe ina," anatero mnyamata wogulitsa, maso ali pa foni yake. Anagula ina. Nayonso inakana.

Mtsikanayo sanalakwitse nambala iliyonse. Mwini shopu atafika anafotokoza kuti kompyuta yosunga mavaucha ili kunyumba kwake, ndipo kukomboni kwawo malaiti anali atapita kuyambira masana. Ine cinandiwawa n'cakuti kabokosi ka Wi-Fi kali pakhomapo kanali kudziwa kuti vuto si vaucha, koma pa foni ya kasitomala panatuluka mau omuimba mlandu iyeyo.

Kabokosi kaja, kaya mumakacha rauta kaya dzina lina, nthawi zambiri sikasunga maina a anthu. Kali ngati mlonda wa pageti amene alibe buku la alendo. Mukalemba nambala ya vaucha, iko kamatumiza funso kwa kompyuta ina, seva, yomwe ili ndi bukulo: uyu alowe? Njira yofala yofunsirana imeneyi imachedwa RADIUS. Ni yakale, inayamba ca m'ma 1991 ku America, nthawi imene anthu anali kulowa pa intaneti kudzera pa mawaya a telefoni. Mpaka lero imagwira nchito m'mahotela, m'mamolo ndi m'masukulu. Ophunzira a m'mayunivesiti amene amalowa pa eduroam, yomwe kuno kwathu imayendetsedwa ndi ZAMREN, amadutsa pageti lomweli osadziwa.

Seva ili ndi mayankho atatu. Ingavomere, ingakane, kapena ingafunsenso cina, monga nambala yacinsinsi imene yatumizidwa pa SMS. Ikavomera simangoti "lowani". Imauzanso rauta kuti munthuyu akhale nthawi yaitali bwanji, ndipo imawerenga m'masekondi: vaucha ya ola limodzi ni 3600. Ingaikenso malire a liwiro. Ndiye mukaona Wi-Fi yakudulani pakati pa vidiyo ola litangokwana, si mfiti, rauta yangocita zimene inauzidwa poyamba. Ikakana, seva ili ndi malo olembapo cifukwa: vaucha yatha, nambala siyolondola, kapena vauchayo ili kale pa foni ina.

Manje pali cinthu cacinayi, ndiye cinagwera mtsikana uja: seva kukhala cete. Malaiti apita, waya waduka, kapena bundle ya mwini wake yatha. Rauta imafunsa, imadikira masekondi angapo, imafunsanso, ndipo ngati pali seva ina yapadera imayesa kumeneko. Zonse zikalephera imasiya. Kuzungulira kuja kwa foni ndiko kudikira kumeneku. Kukana kweni-kweni kumabwera msanga. Kukhala cete ndiko kumacedwa.

Kukanidwa ndi kusayankhidwa ni zinthu ziwiri zosiyana, ndipo rauta imadziwa bwino kusiyana kwake. Ena mwa makinawa amalemba ndithu kuti seva siyankha, koma m'Cingelezi ca amisiri cimene ngakhale wogulitsa sacimva. Ena, malinga ndi mmene anawaikira, amaphatikiza zonse m'mau awiri omwe aja. Tsamba limene mumalembapo vaucha lingasinthidwe ndi munthu amene anaika netiweki. Kulembapo kuti "Vuto lili kwa ife, vaucha yanu ikali bwino, musagule ina" si nchito ya tsiku lonse. Tinazolowera kuti ba kondakita akatiuza "change kulibe, mupokela ku station", timadandaula koma tadziwa pamene taima. Makina naonso atiuze zoona.

Cina cimene eni mashopu ayenera kusankha ndi mutu wao, osasiyira mnyamata amene anabwera kudzamanga mawaya, n'cakuti geti licite ciyani seva ikakhala cete. Makina ambiri, mukapanda kuwasintha, amatseka. Ena amalola kuti alendo alowe ndithu, m'njira yapadera yokhala ndi malire. Ndikumvetsa mantha ao. Mukatsegula geti nthawi zonse seva ikagona, anyamata a pasiteshoni adzadziwa ndandanda ya malaiti kuposa inuyo, ndipo bundle idzathera pa mpira. Pa netiweki ya ofesi, yomwe ili ndi mafaelo a kampani, kutseka ndiye nzeru. Koma netiweki ya alendo, ngati inapatulidwa bwino, ilibe cakuba kupatulapo intaneti yeniyeniyo. Mphindi 15 pa liwiro locepa zikanakwanira mtsikana uja kutumiza kalata yake. Ngati zimenezo n'zovuta, cabwino, tsekani, koma lekani kugulitsa mavaucha mpaka seva idzuke. Cilala ca 2024 citacepetsa madzi ku Kariba, tonse tinaona maola ambiri opanda magetsi. Munthu woika seva pamalo opanda batire kapena sola sanganene kuti sanaganizire.

Palinso kavuto kena kocokera ku malaiti omwewo. Mukalowa, rauta imauza seva kuti mwayamba, ndipo mukatuluka imaiuza kuti mwamaliza. Rauta ikazima mwadzidzidzi, uthenga womaliza uja supita. M'buku la seva mukali mkati. Mukayesa kulowanso, ngati vaucha ni ya foni imodzi, ingakukaneni kuti muli kale pa intaneti, inu muli ciimire ndi foni yopanda kanthu. Apa musalole kugulitsidwa ina. Uzani wogulitsa acotse dzina lanu pa mndandanda wa amene alowa, kapena aitane amene adziwa kutero.

Kwa ife ogula, cothandiza ni kuyang'ana nthawi. Ikakana pompo, onaninso manambala, makamaka 0 ndi O. Ikazungulira nthawi yaitali isanakane, funsani mnzanu wapafupi ngati yake yalowa. Ngati nayenso yamukana, ndalama yanu ikhale m'thumba, ndipo kapepala ka vaucha musakataye.

Mwini shopu uja, kunena zoona, anabweza ndalama ya vaucha yaciwiri popanda kukangana. Koma anafika 17 hours itapita. Mtsikanayo anali atagula kale bundle ndi ndalama yake ya basi, n'kutumiza kalatayo ataimirira panja pa shopu. Pamene ndinali kupita kukakwera, ndinamumva pa foni akupempha mkulu wake amutumireko ya transport yobwerera ku Chawama.