KUYAMIKA KUMENE KUPHA MASEWERO ATHU

Tsiku lina la Ciweru, anthu atatha kukolola, ndinapita kukaona sewero m'cipinda ca misonkhano ca pa sukulu ina kwathu kuno kum'mawa. Anyamata asanu ndi atsikana atatu, onse ongotsiriza kumene sukulu, anadzipekera okha nkhani ya mkazi wamasiye amene abale a mwamuna wace anamlanda munda ndi nkhokwe misozi isanaume. Zobvala anabwereka kwa makolo ao, ndipo nsaru yocinga kumbuyo inali zitenje zinai zolumikiza. Ife oonerera tinali osakwana 30, pakuti ambiri m'mudzimo sanamve n'komwe kuti kuli sewero. Anawo anapitadi ku nyumba ya wailesi kukapempha kuti awalengezere, koma anauzidwa mtengo wonga umene alipira mwini sitolo wotsatsa feteleza, nabwerako manja ali m'khosi.

Gawo loyamba la sewerolo linali lokoma koposa. Mtsikana amene anacita wamasiye anaima duu pambali pa nkhokwe, osanena kanthu, alamu ace alikupakula cimanga, ndipo ndinaona amai awiri okalamba alikupukuta maso. Koma gawo laciwiri linagwa cagada. Panatulukira mnyamata wobvala jekete, nayamba kulalikira za lamulo la cuma ca masiye kwa nthawi yaitali, ena onse ataimirira ngati zitsa. Wang'oma anaomba kwambiri kotero kuti mau otsiriza sitinawamve. Pa Lolemba muulutsi wina, amene sanafikeko konse ku sewerolo, ananena pa wailesi kuti ana athu acita bwino kwambiri, apitirize momwemo. Dzina la sewero analilakwitsa. Atatero anaika nyimbo.

Ine ndinena kuti kuyamika kotere ndiko kupha masewero athu, ndipo kuposa kusalengeza kuja kuipa kwace. Wosalengeza angomana ana oonerera tsiku limodzi, koma woyamika cimene sanacione awanamiza kuti afika kale pamene asanafike.

Wailesi ndi sewero m'dziko muno si alendo kwa wina ndi mnzace. Kuulutsa mau kunayamba ku Lusaka m'caka ca 1941, ndipo m'caka ca 1949 munafika kawailesi kochipa kochedwa Saucepan Special, kooneka ngati poto, ka mtengo wa mapaundi 5, kamene kanalowetsa mau a mumlengalenga m'nyumba za anthu wamba. Amene anakula m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 akumbukira Julius Chongo ndi nthano zace za Poceza m'Madzulo. Munthu mmodzi yekha anali kulankhula mau a mfumu, a nkhalamba, a kamwana ndi a fisi, ndipo mudzi wonse unali kukhala cete pozinga wailesi imodzi. Panalinso pologalamu ya Sewero m'Cinyanja. M'zaka za m'ma 1970 ophunzira a pa Yunivesite ya Zambia anali ndi bwalo lao la masewero la pamtetete lochedwa Chikwakwa, dzina la cida cija cochetchera udzu, ndipo sanakhutire kusewera ku Lusaka kokha: anayenda m'zigawo za dziko nasewera m'zilankhulo za eni dera. Kabwe Kasoma analemba masewero a Black Mamba onena za nkhondo ya ufulu. Anthu amenewa anali kutsutsana, kudzudzulana, ngakhale kukangana pa nchito zao, ndipo cifukwa cace tiwachulabe lero.

Masiku amenewo wailesi inali imodzi, ya Boma, ndipo inali kutali ku Lusaka. Sikukanatheka kuti itume munthu kukaona kasewero ka ana a ku Sinda kapena ku Chadiza. Koma kuyambira m'zaka za m'ma 1990 Boma linalola kuti anthu, mipingo ndi mabungwe atsegule nyumba zao za wailesi. Ku Chipata kunatsegulidwa Radio Maria ndi Breeze FM, ku Lundazi Radio Chikaya, ku Katete Mphangwe, ndi zina m'maboma ena. Sindiloza cala iri yonse mwa izi. Ndinena za cizolowezi cimene ndacimva m'malo ambiri. Lero muulutsi akhala m'mudzi umodzi ndi osewera, agula nao tomato pa msika umodzi, angathe kufika pa bwalo ndi njinga. Nanga cimletsa n'ciani?

Ayankha ena kuti, "Mukawadzudzula ana pa wailesi mudzawatayitsa mtima, ndiponso si ulemu wathu kunena zolakwa za munthu pa gulu." Mau awa amveka okoma, koma amene awanena aiwala bwalo la kwao. Kodi pa Kulamba ku Mkaika, kapena pa Nc'wala ku Mtenguleni, akazi aimbira nthungululu wobvina ali yense mofanana? Iai ndithu. Wobvina bwino amfupa, wopondaponda cabe amyang'ana cete, ndipo pobwerera kumudzi anthu anena poyera kuti gulu lakuti linaposa lakuti, ndi cifukwa cace. Mmisiri wa ng'oma akamva mnyamata alikusokoneza, amlanda ng'omayo pomwepo namuonetsa maombedwe ace. Namkungwi sayamika namwali pa ciri conse. Makolo anati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo sanaone kuti mau amenewa atsutsana ndi ulemu. Cimene ciribe ulemu ndico kuona munthu atabvala malaya cambuyo, iwe n'kumuuza kuti wachena, kuti akasekedwe kwina.

Kunena zoona, cimene ticicha ulemu pano kawirikawiri ndi ulesi ndi mantha. Kuti munthu apende sewero ayenera kupitako, kukhala pa benchi louma kufikira mapeto, kumvetsera, ndi kuganiza. Kunena kuti "acita bwino" sikufuna thukuta. Ndiponso muulutsi aopa kuti mai wa mwana wodzudzulidwa akomana naye ku chalichi.

Ena anena za ndalama, ndipo apa ndibvomera pang'ono. Nyumba za wailesi za m'maboma ziri zosauka. Malaiti akazima agula mafuta a injini, ndipo aulutsi ambiri agwira nchito modzipereka, malipiro ali ocepa kapena osaoneka. Koma nyumba zomwezo zitaya maora athunthu pa moni wa pa lamya ndi nyimbo zobwerezabwereza. Mphindi 15 pa mlungu sizidzagwetsa nyumba iri yonse. Ndipo wailesi imene idzicha ya anthu a m'dera, nichaja ana osagwira nchito mtengo wa amalonda, yaiwala cifukwa cimene inapatsidwira cilolezo.

Pali cinthu cina cimene kusowa kwa opendaku kwabala, ndipo cindiwawa koposa zonse. Popeza palibe wonena za ubwino wa sewero, mwini ndalama ndiye watsala woweruza. Mabungwe a zaumoyo ndi a citukuko alemba magulu a masewero kuti akaphunzitse anthu za edzi, za malungo, za maukwati a ana, ndi zina zotero. Nkhanizo n'zofunika, sindikana. Koma bungwe liwerenga mitu ya anthu amene anafika ndi mau a uthenga amene ananenedwa. Silifunsa ngati nkhaniyo inagwira mtima. Motero ana athu aphunzira kuti sewero ndi ulaliki wobvala zigamba: mwamuna woledzera, mkazi wolira, kenaka munthu wa jekete wodzalongosola zonse. Mnyamata uja wa jekete sanacokere kumwamba. Anamtengera ku masewero olipiridwa amene anawo anakula alikuwaona, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wowauza kuti mtsikana woima cete pa nkhokwe anali atanena kale zonse.

Tsono wopenda masewero pa wailesi acite ciani? Asanafike masiku a sewero aitane awiri a m'gululo, anene za nkhani yao, acite kagawo kakafupi pa mphepo kuti omvera alawe, nachule bwino malo, tsiku, ora ndi mtengo wa pakhomo. Pa tsikulo apite yekha. Pambuyo pace anene cimene anaona, moyamba ndi cokoma, ndipo acichule ndi dzina lace: osati "anasewera bwino", koma kuti pakutipakuti wamasiye anatiliza cifukwa anakhala cete. Cofooka acinenenso momwemo, ndi cifukwa cace: mau sanamveke kumbuyo, osewera anafulatira anthu, nkhani inatha isanathe, Cinyanja ca nkhalamba cinali ca m'tauni. Adzudzule nchito, asanyoze munthu, kapena cibadwidwe cace, kapena umphawi wa zobvala zace. Ndipo mlungu wotsatira apatse eni sewero danga loyankha, pakuti wopenda nayenso alakwa, ndipo omvera akonda mlandu wa mbali ziwiri kuposa ciweruzo ca munthu mmodzi.

Inu amene mwatsiriza sukulu, nimukhala pakhomo kudikira nchito ya mu ofesi, nchito iyi ikuyenerani. Munaphunzira kupenda mabuku m'kalasi kuti mupambane mayeso. Luso lomwelo ligwira pa bwalo. Ambiri a inu muli ndi lamya yotha kujambula mau. Pitani mukaone sewero, mulembe tsamba limodzi, muliwerenge mokweza kufikira lisalale, ndipo mupite nalo kwa mkulu wa mapologalamu. Akakana, bwererani mlungu wamawa ndi lina. Koma mudziwiretu kuti anzanu ena adzakwiya nanu, ndipo mudzayesedwa kuti muyamike gulu la msuweni wanu. Amene sangapirire zimenezi asayambe.

Patapita milungu iwiri ndinakomana ndi mtsikana uja pa msika alikugulitsa zitumbuwa. Anandizindikira, nati, "Atate, munali pa benchi la kutsogolo tsiku lija. Kodi munaona bwanji?" Ndinamuuza zonse monga ndalembera pano, za nkhokwe, za jekete ndi za ng'oma. Anakhala cete kanthawi, nkhope itagwa, ndipo ndinayesa kuti ndamlakwira. Kenaka anati, "Nanenso ndinaona kuti anthu ayamba kuturuka pamene iye analowa, koma a wailesi atati tacita bwino, anzanga anakana kusintha." Anandipempha kuti ndikanene mau omwewo kwa gulu lonse pa Citatu madzulo, pansi pa mtengo wa mango pamene aphunzirira.