Umuna si zibakera zokha

Amene adakulira pa Lunzu, pa Mponela kapena pa Jenda m'zaka za m'ma 2000 akukumbukira tinyumba toonetseramo kanema tija, chinsalu chakuda pakhomo, jenereta ikulira kuseri. Pabolodi akangolemba ndi choko dzina la Jackie Chan, ana ankaiwala ndi nsima yomwe. Ankadziwiratu chimene akukaona: zibakera, mateche ndi munthu wodumpha kuchokera pamwamba pa nyumba.

Koma mkuluyu ali ndi filimu ina imene okonda kareti saitchulatchula. Dzina lake ndi Gorgeous ndipo idatuluka ku Hong Kong mu February 1999, patangotha miyezi yochepa Rush Hour itamutchukitsa ku America. Pa nthawi imene anthu ankadikira zibakera zina, iye adasankha nkhani ya chikondi yodzadza ndi nthabwala, yomwe adaitsogolera ndi Vincent Kok.

M'filimuyi, Shu Qi akusewera ngati Bu, mtsikana wa m'mudzi wa asodzi ku Taiwan, yemwe adatola botolo m'nyanja muli kalata ya chikondi. Adanyamuka ulendo wa ku Hong Kong kukasaka mwini kalatayo, nkukapeza kuti idalembedwera munthu wina. Kumeneko ndiko adakumana ndi mpondamatiki wosakwatira wochita malonda okonzanso zinyalala, yemwe ndi Jackie Chan.

Ku America filimuyi idafikira anthu m'makomo kudzera pa matepi ndi ma DVD, pomwe kampani ya Columbia TriStar idaitulutsa m'chaka cha 2000. Idaidula ndi mphindi pafupifupi 20, ndipo zomwe zidatayidwa zinali nthabwala ndi macheza, kuphatikizapo gawo la katswiri wa nthabwala Stephen Chow yemwe adasewera ngati wapolisi. Ndewu zidatsala. Apa mpoonekeratu kuti amalondawo ankakhulupirira kuti wogula akaona dzina la Jackie Chan, ndiye kuti akufuna kumenyana basi.

Ife tikuti Jackie Chan sadalakwe, ndipo mabanja amene amagula mafilimu ake ali ndi chifukwa choonera imeneyi.

Choyamba, thupi limatha. Mkuluyu adabadwa mu 1954 ndipo adakhala zaka khumi pa sukulu ya China Drama Academy, kuphunzira kudumpha ndi kumenyana pansi pa mphunzitsi wolusa Yu Jim-yuen. Pojambula filimu ya Armour of God ku Yugoslavia m'zaka za m'ma 1980, adagwa mumtengo nkusweka chibade mpaka kumuchita opareshoni. Pamene Gorgeous imatuluka nkuti ali ndi zaka 44. Akuluakulu adati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Munthu amene amadyera mphamvu za thupi, kaya ndi wosewera mpira, wakabaza kapena wonyamula matumba pamsika, amayenera kuphunzira luso lina mawondo asanayambe kudandaula.

Mbiri yake ikuchitira umboni. Mu 2010 adasewera ngati mphunzitsi wachikulire mu The Karate Kid, mu 2017 ngati bambo wolira mwana wake mu The Foreigner, ndipo mu 2016 adalandira mphoto yaulemu ya Oscar. Akadakakamira zibakera zokha, bwenzi nthawi itamusiya m'mbuyo.

Chachiwiri ndi phunziro limene filimuyi ikupereka kwa anyamata athu. Ndewu zilimo ndithu, koma taonani mmene akumenyanira. Mnzake wolimbirana naye malonda adalemba ganyu katswiri wa nkhonya kuti amuchititse manyazi. Katswiriyo ndi Brad Allan wa ku Australia, yemwe anali m'gulu la anyamata a Jackie Chan ndipo adamwalira mu 2021. Awiriwa akuvala magolovesi, akutsata malamulo, palibe mfuti kapena mpeni. Ndewu yoyamba Jackie Chan akugonja ndipo akuvomereza kuti wachepa. Yachiwiri akupambana atasiya mkwiyo nkuyamba kumwetulira.

Ndi kangati pamene mwana wa kwathu kuno amaona ngwazi yake ikugonja koma osabwezera ndi chikwanje? Ndi kangati pamene amaona mwamuna wamphamvu akusowa chonena pamaso pa mkazi, nkuzindikira kuti mtima wa munthu sautenga ndi ndalama kapena mphamvu? M'dziko limene nkhani za nkhanza za m'banja sizitha m'makhoti ndi kwa mafumu, phunziro lotere si lochepa. Mnyamata amene wakula akukhulupirira kuti mwamuna amayankhula ndi manja, mawa ndi amene adzakwatire mwana wa mnzathu.

Komabe tisabise mawu. Filimuyi ili ndi pena pofunika maso a kholo. Shu Qi adabadwa mu 1976, kutanthauza kuti ndi wamng'ono kwa Jackie Chan ndi zaka 22. Nkhani ya mtsikana wa kumudzi wothawira m'tauni chifukwa cha kalata ya munthu wosamudziwa, nkukapeza mwayi mwa bambo wachuma, imakoma pa kanema pokha. Kwathu kuno ulendo wotere kawirikawiri umathera m'manja mwa zidyamakanda, sukulu nkuthera panjira. Masiku ano botolo lija ndi uthenga wa pa foni, ndipo safunika nyanja kuti ufike kwa mwana wanu.

Nchifukwa chake tikupempha makolo kuti asamangotaya ndalama kwa ana kuti akaikitse mafilimu pa foni kapena pa fulashi, iwo nkukagona. Khalani nawo pansi, onerani limodzi, kenako afunseni zimene aona. Mufunseni mnyamata chifukwa chimene ngwaziyo sidakwiye itagonja. Mufunseni mtsikana ngati iye akadanyamuka ulendo umenewo.

Kwa ogulitsa ndi oonetsa mafilimu, nanu tikuti nenani zoona kwa ogula. Ngati filimu ndi ya chikondi, auzeni choncho, osainamizira kuti ndi ya kareti pofuna kukopa ana.

Kuongola mtengo mpoyamba. Ngati munthu amene adaswa mafupa ake posangalatsa dziko adaona kuti umuna si zibakera zokha, ife tisachedwe kuwauza ana athu zomwezo.