Bokosi la Masekondi Khumi

Pagwa nthenda yachilendo pakati pa anzathu oumba mabiti pano pa Chirunga. Munthu ali ndi kompyuta yake yabwinobwino, FL Studio ilimo, koma akuti sagona tulo chifukwa alibe sampula yakale. Ukamufunsa kuti sampula yakaleyo ndi chiyani, akuyamba kukulakatulira maina ngati ndakatulo ya kusukulu ya pulaimale: SP-1200, MPC60, MPC3000. Akuti nyimbo yeniyeni imatuluka m'mabokosi ameneŵa basi, zina zonse nzoseŵeretsa ana. Ine ndikuti mnyamata wa ku Malaŵi kuno amene angataye ndalama zake pa chitsulo chimenechi wagula chikomekome cha nkuyu, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Tiyambe tadziŵa chinthucho, popeza ambiri ochitamawo sanachikhudzepo. Sampula ndi makina amene amatapa kachidutswa ka mau, kaya kulira kwa ng'oma, kaya kamphindi ka nyimbo ya pambale, nakasunga kuti ukadina batani kazilira monga ufunira. SP-1200 inapangidwa ndi kampani ya E-mu ku America m'chaka cha 1987, ndipo mimba yake yonse imasunga masekondi khumi okha. Khumi! Nawonso ogaŵidwa panayi, aŵiri ndi theka chigawo chilichonse. Imatapa mau pa 12-bit, ndiko kuti imayeza kukwera ndi kutsika kwa mau pa makwerero 4,096, pamene CD wamba ili ndi makwerero 65,536. Kukhakhala kumene anzathuŵa amakutcha "kukoma" kumachokera pamenepa. MPC60 ya kampani ya Akai, imene anaikonza Roger Linn, inatsatira mu 1988, MPC3000 mu 1994.

Sindikukana kuti m'mabokosi ameneŵa munatuluka zinthu zazikulu. Pete Rock anaumba nyimbo zake zotchuka pa SP-1200. MPC3000 ya malemu J Dilla inakasungidwa ku nyumba ya mbiri ya anthu akuda ya Smithsonian ku Washington. Koma anyamata a ku New York aja sanagule makinawo chifukwa anali akale. Anali atsopano, ndiwo analipo, ndipo analimbana ndi kupereŵera kwake monga mlimi alimbana ndi khasu lalifupi mpini. Pofuna kuti kachidutswa katali kakwane m'masekondi ochepawo, ankathamangitsa mbale pa liŵiro la 45 m'malo mwa 33, kenaka nkutsitsa mauwo m'makinamo. Inali nzeru ya wosoŵa. Ife lero tikufuna kugula kusoŵa kwaoko pamtengo wa galimoto.

Mtengowo tiutchule. Pamene Dave Rossum, mmodzi wa amene anayambitsa E-mu, anayambanso kupanga SP-1200 mu 2021, anaiika pa madola 3,999. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, dola imodzi inafika cha m'ma K1,700 kubanki, kutanthauza kuti bokosilo linali pafupifupi K6.8 miliyoni lisanakwere ndege, a msonkho asanaliwone. Zakale zenizenizo, zogula kwa munthu, nazonso ndi madola zikwi zingapo, ndipo zimabwera ndi ukalamba wao: mabatani otopa, ndi kamwa lodya ma floppy disk, amene ngakhale a Sony analeka kupanga mu 2011. Ngati linapangidwira ku America limafuna magetsi a mavoti 120, pamene athu ndi 230. Ndiye tiwonjezepo kuthimathima kwathu kuja, monga tinaonera mu 2022 namondwe Ana atawononga Kapichira. Magetsi akathima usanasunge ntchito yako pa disiki, ng'oma zonse zimene watapa tsiku lonse zapita. Laputopu ili ndi batire. Likafa bokosilo, mmisiri wa mawailesi wa mumsika wa Limbe, amene amadzutsa foni yomira m'chitsime, adzaliyang'ana nkukufunsa kumene angapeze zitsulo zake.

Amati koma kulira kwake! Kulira kwakeko ndi masamu, ndipo kompyuta imatha kutsitsa mau kufika pa 12-bit ndi kadinidwe kamodzi. Mwina khutu la katswiri, m'chipinda chotseka bwino, lingasiyanitse. Nanga nyimbo zathu zimamvedwera kuti? M'minibasi ya ku Limbe, pa foni ya kabaza, pa sipika yong'ambika ya pabala la ku Chinamwali. Amapiano a ku South Africa, amene avinitsa dziko lonse, ambiri aumbidwa pa FL Studio yomweyi imene tikuinyozayi. Amatinso manja amafuna chogwira, kuti mbewa ya kompyuta siimba. Apa ndikuvomera, koma timabokosi ta mabatani tolumikiza ku kompyuta tilipo totsika mtengo kwambiri. Ndipo amene akuti masekondi khumi amaphunzitsa kudziletsa, ndani wamuletsa kudziikira yekha malire a masekondi khumi? Mwambo wa munthu sugulidwa ku eBay.

Koma zonsezi nzazing'ono. Chimene chimandipweteka mtima nchakuti mkangano wonsewu uli pa mphika, palibe akufunsa za ndiwo. Sampula ilibe nyimbo m'kati mwake. Imadya zimene waipatsa. Anyamata a ku New York ankatapa mbale za makolo ao, James Brown ndi anzake, nyimbo zimene anakula nazo m'nyumba. Ife tikagula bokosi lao, tidzatapamo chiyani? James Brown yemweyo, kachiŵiri, mochedwa ndi zaka makumi atatu?

Aliyense wa ife popita ku Blantyre amadutsa m'boma la Chiradzulu, pa Namadzi, pa Mbulumbuzi, pa Njuli, maso ali pa foni. M'boma limeneli ndimo munabadwa Giddes Chalamanda mu 1930. Gogo ameneyu anaimba zaka zambirimbiri ndi chipangizo cha zingwe m'manja, ophunzira a makoleji nkumamuyesa choseketsa cha pa maphwando. Mu 2020 Patience Namadingo anakhala naye pansi najambula naye nyimbo zake zakale m'kamvekedwe ka reggae. Kumapeto kwa 2021 kachidutswa ka "Linny Hoo" kanafalikira pa TikTok, ndipo pofika January 2022 atolankhani a AFP analemba kuti kaonedwa koposa 80 miliyoni, mwini wake alibe ngakhale foni yoonera zimenezo. Taganizani, anzanga: kachidutswa ka masekondi oŵerengeka, kobwerezedwabwerezedwa, anthu a maiko akutali nkumavina. Kodi si kutapa kumene tikukamba kuja? Ndipo panalibe SP-1200 pamenepo. Panali mau a nkhalamba ya ku Chiradzulu ndi munthu amene anavutika kukaifuna.

Chalamanda sali yekha. Ng'oma za tchopa wa Alhomwe, gule amene UNESCO inamulemba m'kaundula wake mu 2014, zimalira m'midzi ya chigawo chino. Kuli makwaya a PIM ku Mbombwe, kumene John Chilembwe anayambitsa mpingo mu 1900. Kuli anyamata a mabanjo osema okha m'misika, nyimbo za pamtondo, za kuchinamwali zimene eni ake angalole kuti zimveke. Ku Chileka kunali Daniel ndi Donald Kachamba, amene Gerhard Kubik wa ku Vienna anayamba kuwajambula mu 1967. Ku Thyolo kunali Allan Namoko ndi Chimvu River Jazz Band. Hugh Tracey anayenda m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950 ndi makina ake ojambulira, ndipo zimene anatapa zili ku International Library of African Music, ku Rhodes University. Mlendo anaona kuti mau athu ngoyenera kuwayendera mitunda. Ife tikusunga ndalama zoti tiitanitse bokosi lopanda kanthu.

Tsono mamiliyoni aja, kapena kachigawo kake kakang'ono, kangagule maikolofoni yabwino, kojambulira ka m'thumba, mahedifoni, ndi ulendo wa ku Namitambo kambirimbiri. Chotsalacho, ndipo apa ndipo pagona nkhani, nchopatsa eni mau. Mbiri ya kutapa nyimbo ili ndi manyazi ake amene otama mabokosiŵa sakonda kuwatchula. Kachidutswa ka ng'oma ka masekondi osakwana khumi ka mu "Amen, Brother", nyimbo ya The Winstons ya 1969, kaloŵa m'nyimbo zikwizikwi. Woimba ng'omayo, Gregory Coleman, anamwalira mu 2006 osalandirapo kanthu. Ndiye ngati titatengera ku America chizoloŵezi chimenechi pamodzi ndi bokosi lao, tidzakhala akuba a m'mudzi mwathu momwe, oba kwa agogo athu ndi makina a madola. Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 lilipo, COSOMA ilipo, koma gogo wa ku Nguludi sadzakwera basi kukadandaula ku ofesi. Ndi iwe wotapa amene uyenera kupempha, kulemba dzina lake pa nyimboyo, ndi kubwerera ndi gawo lake nyimbo ikagulidwa.

Kwa amene ali nalo kale bokosilo, kaya anamtumizira malume a ku Johannesburg, alisunge, alipukute fumbi, atiitane tidzalione. Koma aphunzitsi athu a zoimbaimba asadzalole kuti ndalama ya dipatimenti ipite kumeneko pamene ophunzira akulimbirana maikolofoni imodzi. Ndipo mnzanga amene ukuŵerenga izi uli ndi chithunzi cha MPC60 pa foni yako, Loŵeruka likudzali minibasi za ku Limbe zidzanyamuka m'maŵa monga mwa nthaŵi zonse. Ukatsike pa Njuli, ukafunse kumene kukuimbidwa ng'oma, ndipo usaiŵale kutenga ya m'manja ya eni ake.