Kompyuta yatopa, tiigulire zida?

Amalonda anzanga, makamaka inu oseweretsa ana magemu a mpira pa boma la Ntcheu, pa Lizulu ndi pa Tsangano, tiyeni tiuzane zoona. Ana akufuna gemu yatsopano koma kompyuta yanu ija yatopa. Muigulire zida?

Werengerani kaye. Mu 2023 kampani ya EA idasiya dzina la FIFA n'kutulutsa FC 24. Gemu imeneyi imafuna RAM yosachepera 8GB, graphics card ngati GTX 1050 Ti ndi malo a 100GB. Ngati yachepa ndi RAM yokha, gulani, siiboola thumba. Koma processor ikakhala yokalamba, motherboard nayonso isinthidwa. Apotu mwagula makina ena, chakale chatsala chibokosi basi!

Musaiwale, zidazi n'zochokera kunja, ndipo kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Timakobili ta ana tidzabweza liti ndalama imeneyi, magetsi akumazimazima chonchi?

Nzeru nayi: yakaleyo izibenabe nyimbo ndi kuseweretsa FIFA yakale, phindu muziponya ku banki mkhonde. Zikakwana, gulani yamphamvu. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno.