Udindo wa nchito m'boma umabadwira ku Lusaka

Pamene boma linalemba nchito aphunzitsi 30,496 ndi anchito a zaumoyo oposa 11,000 m'caka ca 2022, anthu ambiri a ku Petauke ndi ku Nyimba anaganiza kuti vuto la kucepa kwa anchito latha. Koma funso limodzi likali kumveka: n'cifukwa ciani sukulu ikakwezedwa kukhala ya sekondale, mphunzitsi wamkulu amatha zaka ali wogwirizira cabe?

Yankho lake lili m'malamulo. Mkulu wa maphunziro kapena wa zaumoyo pa boma alibe mphamvu yopanga udindo watsopano, ngakhale yokweza giredi ya udindo umene ulipo kale. Pempho limadzera ku unduna, n'kupita ku Cabinet Office, kumene nthambi ya Management Development Division imapenda ngati udindowo ndi wofunikadi. Ikavomera, nkhani sinathe. Unduna wa Zacuma uyenera kupereka cilolezo ca Treasury Authority, cotsimikizira kuti ndalama za malipiro zilipo. Apo m'pamene udindowo umalowa mu PMEC, kaundula wa pakompyuta wa maudindo ndi malipiro, ndipo bungwe la Teaching Service Commission kapena la Civil Service Commission lingathe kuikapo munthu.

Njira imeneyi siinaikidwe mwa nkhanza. Malipiro amadya gawo lalikulu la ndalama za misonkho, kotero kuti m'zaka za 2014 ndi 2015 boma linaimitsa kukweza malipiro. Ofesi iliyonse ikanamadzipangira maudindo, thumba la boma likanabooka, ndipo maina a anthu osakhalapo akanaculuka pa ndandanda ya malipiro.

Cobvuta n'cakuti nyumba zimamangidwa msanga kuposa mmene mapepala amayendera. Boma la Sinda linapangidwa mu 2012 potenga mbali za Petauke ndi Katete, ndipo la Lusangazi linapatulidwa ku Petauke mu 2018. Boma latsopano lililonse limafuna akuluakulu ake a maphunziro, zaumoyo ndi zaulimi, ndipo udindo uliwonse umadikira cilolezo comweco. Nayenso mphunzitsi amene wadzilipirira maphunziro mpaka kupeza digiri amalandirabe malipiro a dipuloma, kufikira papezeke malo a giredi yake.

Coipitsitsa cimagwera kumidzi. Mphunzitsi akasamukira ku tauni koma dzina lake n'kutsala pa malo a sukulu imene wacokako, kaundula amaonetsa kuti sukuluyo ili ndi aphunzitsi okwanira. Oyang'ana kompyuta ku Lusaka saona cifukwa cotumizirako wina. Kwa mfumu Luembe kapena kwa mfumu Nyalugwe, kumene ulendo wopita ku boma la Nyimba umabvuta m'nyengo ya dzinja, izi zitanthauza kuti mphunzitsi wotsalayo aphatikiza makalasi awiri, makamaka cicokereni mu 2022 pamene maphunziro aulere anaculukitsa ana m'masukulu.