Birimankhwe pa Sukulu

Ana a ku Area 24 akapeza birimankhwe alikuoloka msewu, afulumira kutola miyala. Ena amtsegula pakamwa ndi kamtengo, namthira fodya, naseka pomuona alikuda ndi kufa. Akafunsidwa chifukwa chake, ati, "Ndiye anachedwa ndi mau a Chauta, buluzi nampitirira ndi mau a imfa." Nthanoyo njokoma kuimva madzulo, komatu birimankhwe alibe ululu, ndipo ntchito yake ndiyo kugwira ntchentche ndi ziwala ndi lilime lotalika ngati thupi lake lomwe.

Chifukwa chake sikukwanira kuti mphunzitsi aonetse chithunzi cha m'buku chokha. Adze naye birimankhwe wamoyo pa nthambi yake, namuike pamaso pa ana, kuti aone diso lina lilikuyang'ana kutsogolo, linzake kumbuyo, ndi zala zogwira mtengo ngati mbano. Adze nayenso fulu, ana akhudze chigoba chake, naone kuti khungu la zokwawa nlouma, losaterera monga amaganizira. Atatero asambe m'manja ndi sopo, ndipo nyamazo zibwezedwe kumene zinatengedwa tsiku lomwelo.

Makolo ena akana, nati, "Mwana wozolowera zokwawa adzatola mphiri." Mau awo ngolemera ndithu, pakuti njoka zipha anthu, kotero kuti m'chaka cha 2017 bungwe la World Health Organization linaika kulumidwa ndi njoka m'gulu la nthenda zonyalanyazidwa za m'maiko otentha. Tsono mphunzitsi asayese kudza ndi njoka m'kalasi; imeneyo ndi ntchito ya anthu ophunzira kuzigwira. Pofuna kuti ana amve zambiri za nyama za kuthengo, apite nao ku Lilongwe Wildlife Centre, m'nkhalango ya pa mtsinje wa Lingadzi, kumene ana a sukulu amaphunzitsidwa zotere.

Koma mantha okha sapulumutsa mwana. Woopa zonse mofanana sadziwa yoyenera kuiopa. Apha nalimata wakudya udzudzu pa khoma, koma ayenda wosapenya pansi m'miyala ya ku phiri la Ngwenya (ndilo dzina la ng'ona m'Chingoni), ngakhale mphiri ikonda malo otere. Njoka zambiri zithawa pomva mapazi; mphiri sithawa, igona phee m'njira, ndi maanga ake onga masamba ouma. Mwana amene anaphunzira kukhala chete ndi kupenyetsetsa birimankhwe, ndiye adzaima patali poona njoka, osaiyandikira ndi ndodo. Pakuti ena alumidwa poyesa kuipha.

Ndipo mnzake akalumidwa, sadzamtema mphini, kapena kuyamwa bala, kapena kumanga mwendo kolimba ndi chingwe. Adzamgoneka kuti asayende, naitana akulu kuti amnyamule msanga kunka naye ku chipatala.