Njinga yongoima nayo imatha

Mafuta agalimoto akasowa, zimene anthu amawerengera ndi maola otayika pamizere ndiponso ndalama zomwe akabaza alephera kupeza. Chimene sichilowa m'chiwerengero ndi zomwe zimachitika m'kati mwa injini ya njinga yamoto imene yatsamira khoma kwa masabata atatu kapena mwezi, thanki ili youma, oyilo wakale ali momwemo. Kuyambira mu 2022 dziko lino lakhala likulowa ndi kutuluka m'mavuto a mafuta, ndipo ulendo uliwonse njinga zambirimbiri zimaimikidwa popanda kukonzekera kulikonse. Mafuta akabwerera, eni ake amadabwa kuona njinga imene inaima ili bwinobwino ikukana kulira, kapena ikulira monyinyirika uku ikufuka utsi. Ndalama za masiku oyamba, zimene zikanabweza ngongole ya nthawi ya chilala cha mafutayo, zimathera kwa makaniko.

Vuto la njinga yoima si lachilendo padziko. Ku Britain, Canada, Germany ndi maiko a Scandinavia anthu ambiri amaimika njinga zawo chaka ndi chaka, kuyambira cha mu Novembala kufikira Malichi, pamene misewu imaterera ndi madzi oundana ndipo oyang'anira misewu amawazamo mchere umene umadya zitsulo. Ku Britain boma linachita kuikapo dongosolo: mwini njinga amadziwitsa nthambi ya DVLA kudzera m'chikalata chotchedwa SORN kuti njingayo yachoka pamsewu, ndipo pa nthawi yonseyo sakakamizidwa kulipira msonkho wa pamsewu kapena inshulansi. Popeza nyengoyo imadziwikiratu, kuimika njinga kumeneko kuli ndi mwambo wake, ndipo mwambowo umayambira pa oyilo.

Langizo lofala ndi lakuti oyilo asinthidwe njinga isanaimikidwe, osati pa tsiku loitulutsa. Pongomva zimaoneka ngati kutaya ndalama, kuthira oyilo watsopano m'injini imene ikupita kukagona. Koma chifukwa chake n'chomveka. Petulo akamayaka amatulutsa nthunzi yochuluka, pafupifupi lita ya madzi pa lita iliyonse ya petulo. Yambiri imatulukira ku ekizozi, koma ina imazembera m'mbali mwa pisitoni n'kugwera mu oyilo, pamodzi ndi mwaye komanso timadontho ta petulo wosapsa. Zimenezi zikasakanikirana zimabala asidi. Oyilo watsopano amabwera ndi mankhwala ofooketsa asidiyo, koma mankhwalawo amanka natha pamene oyilo akukalamba. Injini ikamayenda tsiku ndi tsiku, kutentha kwake kumathamangitsa madziwo. Ikaima, zonyansa zimadikha pansi, asidi amayamba kudya zitsulo mwakachetechete, ndipo kumtunda kwa silinda, kumene oyilo watsetsereka n'kusiyako pouma, dzimbiri limagwira.

N'chifukwa chakenso amakaniko a kumaiko ozizirawo amatsutsa chizolowezi chimene ngakhale kuno ambiri amachiyesa chisamaliro, choliza njinga mphindi ziwiri kapena zitatu m'mawa uliwonse poopa kuti ingagone. Injini yolira mphindi zochepa chotero sitentha mokwanira kuti iumitse madzi. Imangowonjezera ena, n'kumaliza kapetulo kotsala ndi moto wa batire. Oyilo akayamba kuoneka wotuwa ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti madzi anakhazikikamo kale. Njinga ikaima ndi bwino iime ndithu, apo ayi iyende ulendo weniweni wa mphindi 20 kapena kuposerapo.

Malawi alibe chisanu chotsekera njinga m'nyumba. Kuzizira kwa Juni ndi Julayi, ngakhale ku Dedza kapena ku Mzuzu, sikuletsa kabaza kutuluka m'bandakucha, kumangofuna jekete. Chimene chimaimika njinga kuno sichili pa kalendala. Ndi mafuta amene achedwa kunyamuka ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam chifukwa cha kuchepa kwa ndalama zakunja, ndi chipangizo chimene sichikupezeka m'sitolo, ndi chipikisheni cha apolisi, nthawi zina ndi dzinja limene ladula msewu wa kumudzi. Mwini njinga wa ku Leeds amadziwa sabata imene adzatseke galaja. Wa ku Mchesi kapena ku Ndirande amaimika njinga madzulo poganiza kuti mawa ayenda, ndipo mawalo limasanduka mwezi.

Kusiyanaku kumaonekera bwino pa thanki. Kumaiko ozizira amalangiza kudzaza thanki mpaka pakamwa ndi kuthiramo mankhwala oletsa petulo kusukuluka, kuti mpweya usapeze malo. Langizo limeneli kwa kabaza wa kuno ndi nthabwala yowawa, pakuti njinga yake yaima kaamba koti petuloyo palibe. Thanki yachitsulo yopanda kanthu imalowa mpweya wachinyezi, ndipo usiku kukazizira chinyezicho chimasanduka madontho m'makoma ake. Pamwamba pa zimenezo, petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, amene anayamba kupangidwa ku Dwangwa mu 1982 ndipo kampani ya PressCane imapanganso ku Chikwawa. Kusakanizaku kwapulumutsa ndalama zakunja kwa zaka zambiri, ndipo injini yoyenda tsiku lililonse sivutika nako kwenikweni. Koma ethanol amakoka madzi a mumpweya. Kapetulo kotsalira pansi pa thanki kamamwa madziwo, pamene ka m'kabuleta kamauma n'kusiya utomoni wotseka timabowo todutsa mafuta. A ku Britain anaikambirana kwambiri nkhaniyi mu Seputembala 2021, pomwe petulo wa E10 anakhala petulo wamba m'malo omwetsera mafuta. Kuno ethanol wakhala mu petulo kwa zaka zoposa 40, koma zimene amachita m'njinga yoima sizikambidwa pa siteji ya akabaza.

Chodetsa nkhawa kwambiri n'chakuti oyilo amene njinga zimaima naye kawirikawiri amakhala atatopa kale. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100 iliyonse, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 pa 100 iliyonse, mwezi womwewo petulo n'kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita. Oyilo naye amagulidwa ndi ndalama zakunja, choncho sanatsalire. Kabaza amene ali ndi tageti yokapereka kwa bwana madzulo sangadumphe petulo, sangayende pa tayala lophulika, koma oyilo akhoza kumuzengereza, chifukwa oyilo sadandaula tsiku lomwelo. Ndipo pa mgwirizano wofala, woti woyendetsa amagula petulo pamene mwini njinga amaona za sevisi, njinga ikasiya kubweretsa ndalama palibe mwa awiriwo amene amaona kuti kuthira oyilo ndi udindo wake.

Pomwepo injini zake ndi zosapirira kuzengereza. Njinga zofala pa kabaza, monga Lifo, King Lion ndi Boxer, zili ndi injini zazing'ono zoziziritsidwa ndi mphepo, zolowa oyilo wokwana pafupifupi lita imodzi. Lita yomweyo ndiyo imafewetsa pisitoni, magiya ndi kilatchi, ndipo m'njinga zambiri zotere chosefa chake ndi kasefa kawaya, kopanda mphamvu yogwira fumbi losalala. Injini yoteroyo ndi imene imanyamula anthu awiri ndi thumba la chimanga pa msewu wafumbi, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo.

Mtengo ukakwera, ambiri amathawira ku oyilo wa galimoto kapena wopimitsa m'mabotolo, amene gwero lake silidziwika. Oyilo wambiri wa galimoto zamakono amathiridwa mankhwala owonjezera kuterera pofuna kupulumutsa petulo, ndipo mankhwala amenewo amateretsa kilatchi ya njinga, imene imagwira ntchito itamira mu oyilo. Ndicho chifukwa opanga njinga a ku Japan anakhazikitsa muyezo wa JASO MA mu 1998, ndipo zilembo zimenezi zimalembedwa pa chigubu cha oyilo woyenera. Mwa njira, chilembo cha W pa manambala monga 20W-50 chimaimira nyengo yachisanu: nambala yoyambayo imasonyeza mmene oyilo amayendera injini ili yozizira. Kuno, komwe kumatentha, chofunika kwambiri n'chakuti oyiloyo akhale weniweni. Apa m'pamene mabungwe a MBS ndi MERA ali ndi ntchito, chifukwa kabaza wa ku Jenda kapena ku Nsanje alibe njira yodziwira ngati chimene chili m'chigubu ndicho chalembedwa kunja.

Malo amene njinga zimaima moipa kuposa onse ndi pabwalo la polisi. Palibe amene angatsutse kuti lamulo liyenera kugwira ntchito: njinga ilembetsedwe, woyendetsa akhale ndi laisensi ndi inshulansi, avale chisoti. Aliyense amene analowapo m'chipinda cha othyoka mafupa ku Kamuzu Central kapena ku Queen Elizabeth amadziwa chimene kusatsata malamulo amenewa kwabala. Komabe njinga yolandidwa imaima panja, padzuwa ndi pamvula, itatsamirana ndi inzake, kwa masabata kapena miyezi pamene mwini wake akusakasaka ndalama za chindapusa ndi zolembetsera. Batire imafa, tcheni chimachita dzimbiri, madzi amapeza njira yolowera ku ekizozi. Lamulo linalamula chindapusa chokha, koma mwini njinga amalipiranso china chimene palibe bwalo linagamula, ndipo amene wachedwa kwambiri kuombola njinga yake, yemwe ndiye wosaukitsitsa, ndi amene amalipira chachikulu. Denga lamalata pabwalo lotere, komanso chilolezo choti mwini njinga atseke mpopi wa petulo ndi kuchotsa batire asanachoke, sizingafooketse lamulo m'pang'ono pomwe.

Kukonzekeretsa njinga kuti iime si ntchito ya galaja. Injini ikadali yotentha oyilo wakale amakhetsedwa, watsopano n'kuthiridwa, injiniyo n'kulizidwa pang'ono kuti afike paliponse. Mpopi wa petulo umatsekedwa, ndipo kasikuluwu ka pansi pa kabuleta kamamasulidwa kuti zotsala zituluke. Batire imachotsedwa n'kusungidwa pouma, tcheni chimapakidwa mafuta, njinga imaimikidwa pa sitandi yapakati kuti matayala apume. Ku ekizozi kumatsekedwa ndi kansalu, chifukwa mavu ndi makoswe sachedwa kupeza nyumba, ndipo chofunda chake chikhale nsalu osati pepala lapulasitiki, limene limasunga thukuta. Mtengo wa zonsezi ndi lita imodzi ya oyilo ndi ola limodzi, pamene kutsegula injini kuti asinthe pisitoni ndi maring'i kumadya phindu la masiku ambiri.

Nzeru imeneyi amakaniko a m'misika ambiri ali nayo, ndipo mabungwe a akabaza akhoza kuifalitsa pa siteji iliyonse popanda kudikira thandizo la wina. Chimene iwo sangadzipatse okha ndi chenjezo. A NOCMA ndi a MERA ndiwo amadziwa kuchuluka kwa mafuta otsala m'nkhokwe ndi amene ali m'njira, ndipo mantha oti anthu angathamangire kukagula mafuta ochuluka amachititsa kuti mawu opita kwa anthu azikhala olimbitsa mtima kuposa mmene zinthu zilili. Manthawo ndi omveka, koma ali ndi mtengo wake. Kabaza amene wauzidwa Lolemba kuti mafuta avuta mpaka kumapeto kwa mwezi akhoza kugwiritsa ntchito lita yake yomaliza kutenthetsa injini, kukhetsa oyilo wakale ndi kuumitsa kabuleta. Amene wauzidwa kuti mathanka ali m'njira amathera lita imeneyo pozungulira mzinda kufunafuna pamene pali mzere waufupi.